Crown ya zirconia isanamatidwe: mkatimo tichitemo chani kuti simenti igwire?

Anzanga ogwira ntchito ya mano, funso limene limabwerabwera ndi lakuti kodi simenti yabwino yomatira zirconia ndi iti. Ine ndimati tisanafike pa simenti tiuzane kaye kuti mkati mwa crown mo mwachitamo chani. Crown, chisoti chovekera dzino chija, ikagwa wodwala nkubwera nayo m'manja, muitembenuze muone mkati. Mukapeza simenti yonse yatsalira pa dzino, mkati mwa crown muli mbee ngati sinamatidwepo nkomwe, ndiye kuti simentiyo dzino inaligwira bwinobwino, chimene sinagwire ndi zirconia, nde olo mugule simenti ina yodula kuposa pamenepo, kakonzedwe ka mkatimo kakakhala komweko zotsatira zake zikhalanso zomwezo.

Vuto limayambira poti zirconia ilibe galasi. Feldspathic porcelain ndi lithium disilicate zili ndi silica, ndiye ukathira asidi wa hydrofluoric (HF) amadya mbali ya galasiyo nkusiya timaenje tambirimbiri tomwe simenti imalowamo, kenako silane amagwira silica mbali ino, resin mbali inayo. Zirconia ndi zirconium dioxide yosakaniza ndi yttria pang'ono, timakristalo tothinana tokhatokha, popanda choti HF adye komanso popanda choti silane agwirepo. Njira zonse zomwe tikambe apa zikuyesa kuthana ndi chinthu chimodzichi, kaya pokhakhalitsa pamwamba pake, kaya popeza mankhwala ogwira zirconia yeniyeniyo, kaya pobweretsapo silica yemwe panalibe.

Tiyambe ndi HF ndi silane kuti tithane nayo msanga. Pa e.max, yomwe ndi lithium disilicate ija, HF wa 5% kwa masekondi 20 kenako silane ndi njira yolondola ndipo imagwira ntchito bwino kwambiri. Pa zirconia HF yemweyo sachita chooneka, mkati mumakhala mosalala momwe munalili, silane naye amangouma pamenepo. Anthu amachitabe chifukwa dzanja linazolowera, poti zonse ndi zoyera ndipo zonse timazitcha ceramic. Mwangotaya nthawi, mwagwiranso asidi woopsa kwambiri pakhungu popanda phindu. Iyi isiyeni.

Njira yachiwiri ambiri amaipeputsa koma ine ndimailemekeza, ndiyo yosalimbana ndi bonding (kumatirira crown ku dzino ndi resin) nkomwe, kungomata ndi simenti wamba monga glass ionomer, resin-modified glass ionomer kapena zinc phosphate. Zirconia ya 3Y (nambalayi imanena kuchuluka kwa yttria mkati mwake) ndi yolimba zedi, imafika cha m'ma 1000 MPa, nde siidalira kumatiriridwa ku dzino kuti isasweke ngati mmene porcelain imachitira. Dzino likakhala kuti mwalisema bwino, kutalika kwake kukufika 4 mm kapena kuposa, makoma ake ali chilili osapendekeka kwambiri, ndipo crown yo ndi yochindikala mokwanira, chimene chimaigwira ndi mapangidwe a dzinolo, simenti imangodzaza mpata. Ubwino wake ndi woti ndi yachangu, yotsala imachoka mosavuta, komanso imapirira chinyezi kuposa resin, zomwe ndi zofunika margin, kapena kuti mphepete mwa crown, ikalowa pansi pa nkhama pomwe kuumitsa nkovuta. Koma malire ake ndi omveka. Dzino lalifupi, dzino losongoka, onlay, veneer, bridge ya phiko limodzi yomata kumbuyo kwa dzino, apa palibe makoma ogwira chilichonse, zonse zili pa bonding, ndiye simenti wamba musayese.

Tsopano kupopera mchenga wa alumina, kapena kuti sandblasting, apa nde pali nkhani. Kachitidwe kake komwe ambiri amagwirizana ndi alumina wa 50 micron, puresha yotsika ya 1 mpaka 2 bar, ena amafika 2.5, kamlomo ka makina katalikire pafupifupi 10 mm, kwa masekondi 10 mpaka 20 mukuyendetsa dzanja osaima malo amodzi. Zimachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukhakhalitsa pamwamba kuti simenti ipeze pogwira, komanso kuchotsa litsiro lonse nkusiya zirconia yatsopano yoti mankhwala agwirepo. Ndipo zichitike crown itaotchedwa kale mu furnace, osati ikadali yofewa ngati choko.

Vuto lina laling'ono ndi loti zirconia ndi yoyera ndipo ukaipopera siisintha kwambiri, imangosiya kunyezimira pang'ono, nde nkosavuta kudumpha malo ena, makamaka pansi penipeni pa crown ndi m'makona. Kanzeru kothandiza ndi aka: pakani mkati monse ndi marker yakuda musanayambe, kenako poperani mpaka kuda konse kutatha. Pomwe patsala kadontho kakuda ndiye kuti mchenga sunafikepo, ndipo pomwe payera musabwerezenso. Kunja kwa crown komwe kuli glaze kutetezeni ndi chala kapena sera, ndipo m'mphepete mopyapyala mwa margin dzanja lipepuke. Mukatha, muiike mu ultrasonic muli alcohol kwa mphindi zingapo kuti fumbi la alumina lichoke, kenako iume.

Pali omwe amaopa sandblasting ndipo mantha awo ali ndi chifukwa. Mchenga ukamenya zirconia umasiya timing'alu ting'onoting'ono. Kungoti zirconia ya 3Y ili ndi khalidwe lapadera lomwe Garvie ndi anzake analongosola mu 1975 pomwe zirconia anaitcha ceramic steel: makristalo ake a tetragonal akapanikizidwa amasintha nkukhala monoclinic, ndipo posinthapo amafufuma ndi pafupifupi 4%, nde kufufumako kumafinya mng'alu kuti usapitirire. Nchifukwa chake 3Y ukaipopera mofatsa siifooka, pena imalimbirako pang'ono pamwamba. Koma ukatenga mchenga waukulu wa 110 micron nkukweza puresha mpaka 4 bar ngati ukutsuka chitsulo, ming'alu imazama kupitirira pomwe kufufumako kungathandize.

Ndipo apa ndipemphe tisamale kwambiri ndi zirconia zoonekera bwino zija za mano akutsogolo, 4Y ndi 5Y. Yttria akachuluka makristalo a cubic amachuluka, kuwala kumadutsa bwino, crown imakongola, koma makristalo a cubic sasintha nkufufuma ngati a tetragonal aja. Ndiye kuti 5Y ilibe chodzitetezera chokwanira, mphamvu yake ndi pafupifupi theka la 3Y, mng'alu ukalowa walowa. Pa zimenezi puresha ikhale pansi, cha pa 1 bar, mchenga usapitirire 50 micron, nthawi ikhale yochepa. Musanagwire makina dziwani kaye kuti zirconia ili m'manja mwanu ndi ya mtundu wanji, akulabu akuuzeni dzina la block yomwe agwiritsa ntchito.

Sandblasting payokha koma siikwana. Ukapopera nkumata ndi resin simenti yopanda monomer wogwira zirconia, tsiku loyamba imaoneka yolimba ndithu, koma madzi amalowa pang'onopang'ono pakati pa simenti ndi zirconia mpaka kumatula. Apa mpomwe MDP imabwera. MDP ndi monomer yomwe kampani ya Kuraray ya ku Japan inapanga mu 1981, ndipo ndi yomwe inali mu simenti yawo ya Panavia kuyambira pachiyambi. Kamolekyu kake kali ndi mbali ziwiri, kumodzi kuli phosphate yomwe imagwirana ndi zirconium oxide mwa chemistry yeniyeni, kwinako kuli methacrylate yomwe imalumikizana ndi resin ikamauma, ndipo pakati pali katcheni ka makaboni 10 komwe sikakonda madzi, nde kamathandiza kuti chinyezi chisalowerere.

Matthias Kern ndi Wegner a ku Kiel ku Germany anaonetsa izi mu 1998. Anamata zirconia m'njira zosiyanasiyana, nkuzisunga m'madzi masiku 150 akuzisinthasintha m'madzi ozizira ndi otentha, ndipo zomwe zinakhalabe zolimba ndi zomwe zinapoperedwa alumina nkumatidwa ndi resin yokhala ndi MDP. Mfundo ya m'madziyi ndiyofunika mukamamva otsatsa malonda akutchula manambala akuluakulu a bond strength. Nambala yoyezedwa patangotha maola 24 siikuuzani zambiri, funsani kuti atazisunga m'madzi miyezi ndi kuzidutsitsa mu thermocycling ya 5 ndi 55 °C panatsala zingati, chifukwa mkamwa ndi monyowa usana ndi usiku, munthu akumwa zotentha ndi zozizira. Gulu la Kern lomwelo linatsatiranso odwala omwe anaikidwa ma bridge a zirconia a phiko limodzi a mano akutsogolo, omatidwa ndi njira yomweyi, ndipo mu 2017 analemba kuti patatha zaka 10 oposa 98% anali akadali mkamwa. Bridge yotero ilibe china choigwira kupatula bonding, nde kwa ine umboni umenewu ndi wolemera kuposa za mu labu.

MDP yokha popanda sandblasting bwanji? Imagwira, kuposa kusapaka kanthu, koma ikakhalitsa m'madzi imatsika kwambiri poyerekeza ndi pomwe zonse ziwiri zachitika. Ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo Markus Blatz wa ku University of Pennsylvania anazifupikitsa kuti APC, kutanthauza air abrasion (kupopera mchenga kuja), primer (mankhwala opaka mkati simenti isanalowe), kenako composite resin cement. Ma primer okhala ndi MDP alipo angapo, Clearfil Ceramic Primer Plus, Z-Prime Plus, Monobond Plus, komanso ma universal adhesive ambiri ngati Scotchbond Universal ali nayo. Mupake kamodzi mopyapyala, mudikire nthawi yomwe yalembedwa pa pepala lake, muumitse ndi mpweya wopanda mafuta ndi madzi. Kuthira wambiri mpaka kuchita chithaphwi pansi pa crown sikuwonjezera mphamvu, kumangolepheretsa crown kukhala pansi bwino.

Njira ina yoyenera kuiganizira ndi tribochemical silica coating, ija ya Rocatec ya mu labu ndi CoJet ya pampando. Apa mchenga wake ndi alumina yemweyo koma wokutidwa ndi silica, CoJet ndi wa 30 micron ndipo amapoperedwa pa 2.8 bar kapena kuyandikira pamenepo. Mchengawo ukamenya, silica amatsalira pa zirconia, ndiye tsopano silane wapeza pogwira. Manambala ake amakhala abwino, makamaka ukagwiritsa primer yomwe ili ndi silane ndi MDP pamodzi, chifukwa pomwe silica wakhala silane amagwira, pomwe sanakhale MDP imagwira. Chofooka chake nchoti zirconia ndi yolimba kwambiri nde silica salowa mozama, amangokhala pamwamba, ndipo ukatsuka mwamphamvu mu ultrasonic wina amachoka, choncho apa ambiri amangopemerera ndi mpweya basi. Mgwirizano wa silane nawonso umatha kufooka ndi madzi pakapita nthawi. Kuiyerekeza ndi alumina wamba ndi MDP, ine ndimaona kuti zikufanana mphamvu, kungoti iyi imafuna mchenga wapadera wodulirapo ndi masitepe osamalitsa. Pomwe imawala kwambiri ndi pokonza mkamwa momwemo porcelain ikabenthuka pa zirconia, poti malo amodzi pamakhala porcelain ndi zirconia moyandikana. Amene muli nayo kale igwiritseni ntchito, amene mulibe simukuluza zambiri.

Koma chomwe chimagwetsa ma crown ambiri olo munthu atachita zonsezi bwino ndi malovu. Taganizani mmene zimayendera. Akulabu apopera mkati bwinobwino, crown yabwera, mwaiyesa mkamwa kuona ngati ikukhala, mwayang'ana contact ndi bite, mwaitulutsa, mwatsuka ndi madzi, mwapaka primer, mwamata. Pamenepo MDP yapita pachabe. M'malovu muli mapuloteni ndi phosphate, ndipo zirconia imakonda phosphate kwambiri, ija ndi nkhani yomwe imapangitsa kuti MDP igwire. Nde phosphate ya m'malovu ikafika poyamba imakhala pamalo onse omwe MDP imayenera kugwira, zili ngati kufika pamsonkhano mipando yonse itakhalidwa kale. Madzi okha sachotsa zonse, alcohol nayenso sakwanitsa. Magazi ndi silicone ija yoyezera fit nazonso zimasiya zotsalira zake.

Ndipo chonde chonde, phosphoric acid musatsukire zirconia. Pa glass ceramic anthu amatsukira ndipo zimayenda, nde dzanja limathamangira syringe ya buluu ija, koma pa zirconia mukuthira phosphate yemweyo amene mukufuna kuchotsa.

Zotsukira zomwe zimagwira ntchito tiziyerekeze. Yoposa zonse ndi kupoperanso alumina mukatha kuyesa mkamwa, kapena kunena bwino, kusapopera nkomwe mpaka try-in itatha, kuti zirconia imenyedwe kamodzi kokha. Izi zimafuna kuti mukhale ndi ka sandblaster kakang'ono pampando, ndipo mugwirizane ndi akulabu kuti iwo asapopere. Ngati mulibe, pali Ivoclean, yomwe ndi madzi a alkaline odzaza ndi tizidutswa ta zirconia, mumapaka nkusiya masekondi 20, phosphate ija imasamukira pa tizidutswato poti ndi tambiri, mukatsuka zimapita limodzi. Pali Katana Cleaner yomwe ili ndi mchere wa MDP, mumatikita masekondi 10 nkutsuka, ndipo iyi ingagwiritsidwenso ntchito pa dzino mkamwa, pomwe Ivoclean ndi ya kunja kwa kamwa kokha. Pali ZirClean ya Bisco, nayonso ya alkaline. Ndipo pali sodium hypochlorite wa 5% yemwe ambiri tili naye kale wa root canal, amasungunula mapuloteni bwino, bola mutsuke ndi madzi ambiri pambuyo pake chifukwa wotsalira amasokoneza kuuma kwa resin. Mukatsuka, mkatimo musagwiremonso ndi glove yonyowa, primer apakidwe nthawi yomweyo.

Zinazo ndingodutsamo. Pali njira yopaka kagalasi kopyapyala mkati mwa crown nkuotcha, kuti pambuyo pake muthire HF ndi silane ngati ndi porcelain. Imagwira ndithu ndipo ena amaikonda pa ma veneer a zirconia, koma kagalasiko kakachindikala crown siikhalanso bwino pa dzino, ndipo ndi ntchito ya mu labu yofuna dzanja lodziwa. Selective infiltration etching yomwe Aboushelib anabweretsa mu 2007 imapereka manambala abwino koma masitepe ake ndi ambiri moti siinafale. Ma laser monga Er:YAG, Nd:YAG ndi CO2 amakhakhalitsa potentha, ndipo kutenthako kukapitirira kumang'amba pamwamba pa zirconia, zotsatira zake zimasiyanasiyana kwambiri malinga ndi setting. Palinso njira yodyetsa zirconia ndi ma asidi amphamvu otenthetsa, koma ndi oopsa kwa wogwira ntchito. Kukhakhalitsa mkati ndi diamond bur ndiye ayi, kumakanda mozama, kumatenthetsa, kumaononganso fit. Pa zonsezi palibe yomwe ili ndi umboni wa odwala wa zaka zambiri wofanana ndi wa alumina ndi MDP.

Simenti ija tinaisiya poyamba tsopano ikhoza kulowa. Self-adhesive resin cement monga RelyX Unicem kapena Panavia SA ili ndi ma monomer a asidi mkati mwake, nde pa crown yomwe dzino lake lili ndi makoma apakatikati, mukapopera ndi kutsuka bwino imakwana, ndipo kuwonjezera primer wa MDP mkati mwa crown sikulakwika. Pomwe palibe makoma nkomwe pamafunika adhesive resin cement yathunthu, dzino likonzedwe palokha ndi etch pa enamel ndi primer wake, rubber dam yotchinga malovu ikhalepo ngati nkotheka. Muwerenge pepala la simenti yanu, musangoganiza kuti poti dzina ndi lodziwika ndiye kuti MDP ilimo. Mwachitsanzo phala la Panavia V5 lilibe MDP, ili m'ma primer ake, nde mukadumpha primer mwadumpha chinthu chenicheni chogwira zirconia. Komanso zirconia, makamaka 3Y yochindikala, imatchinga kuwala kwa curing light, choncho simenti ikhale dual-cure kapena self-cure, yotha kuuma olo kuwala kusafike, ndipo muipatse nthawi yake youma yokha musanamuuze wodwala kuti alume.

Nde kusankha kwanga kumayenda chonchi. Molar ya 3Y pa dzino lalitali la makoma abwino, makamaka pomwe chinyezi chikuvuta, ndimatsuka mkati nkumata ndi resin-modified glass ionomer mtima uli m'malo. Dzino lalifupi kapena lopendekeka, ndi alumina wa 50 micron try-in itatha, primer wa MDP, kenako resin cement. Bridge ya phiko limodzi kapena onlay ndi chimodzimodzi koma popanda kudumpha sitepe olo imodzi, ndi rubber dam, komanso enamel yokwanira yomatirapo, chifukwa mbali ya dzino nayo iyenera kugwira. Pa 5Y yopyapyala ya kutsogolo ndimatsitsa puresha kufika cha pa 1 bar ndipo ndimakonda resin cement olo makoma alipo, poti iyi ndi yofookerapo nde kumatirira ku dzino kumaithandiza kupirira. Ndipo pa pepala lopita ku labu ndimalemba momveka kuti mkati asapopere, ndipopera ndekha, anditumizirenso dzina la zirconia yomwe agwiritsa ntchito.